Kadi yolowa pa bodi yakale

Amuna anga sankadziwa kuyamba chinthu pakati. Titangokwatirana anagula kabokosi koteteza firiji ku magetsi, firijiyo tilibe, ndipo kanakhala pa shelefu mpaka mwana wathu woyamba atayamba kukwawa. Ndinkawaseka pamaso pa alendo, iwo osatekeseka. Ku fakitale ya feteleza, kumene ankakonza mamita a makina, anawaphunzitsa kuti ntchito imayambira pansi, ndipo phunzirolo analitengera kunyumba ngati mmene anzawo ankatengera masaka.

Zinali zaka zija boma litatsegula zipata, katundu wakunja atasefukira paliponse. Utsi wa ku fakitale unkatuluka mwezi uno, mwezi wamawa zii, malipiro nawonso chimodzimodzi. Ine ndinkagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa ku Nangongwe. Amuna anga ku fakitaleko anawauza kuti akhale kaye kunyumba, ndipo m'masiku okhala amenewo anagula kompyuta yakale pa ofesi ina imene inkatsekedwa. Anaiika pabalaza m'nyumba yathu ya ku Estates, pamene ine ndinkafuna kuikapo kabati.

Ndinkadana nayo, ndisaname. Bambo wamkulu, wa ana, tsiku lonse maso pa galasi kuthamangitsa galimoto yojambula. Chikhala kuti inkathamangadi bwenzi ndikuti kaya. Koma inkayenda modukizadukiza ngati minibasi yothiridwa mafuta osakaniza ndi palafini, ikafika pokhota n'kuima, poyambanso ili kale m'khoma.

Anali ndi mnzawo wa kutchalitchi amene ankakonza makompyuta ku Lusaka. Lamlungu tikaweruka ankabwera kudzadya nshima, ndipo akangosamba m'manja mkangano unkayamba. Ankatsegula bokosi la kompyutayo n'kumalozerana. Ndinamva nkhaniyi kambirimbiri mpaka ndinaziloweza: bodi ndi thabwa lobiriwira, lalikulu ngati thireyi, pamene zonse zimalumikizidwa, kadi ndi kachidutswa kobayikapo kamene kamajambula zithunzi za masewera, pulosesa ndi ramu ndi tizidutswa tina topatsa kompyuta liwiro. Mphamvu zogulira zonse nthawi imodzi panalibe, ndiye funso linali loti ayambe chiti.

“Ba braza, gulani chabe kadi,” ankatero mnzawoyo. “Lelo lelo motoka izayamba kutamanga.”

“Awe,” ankayankha amuna anga. “Kadi yamene ingangene pali iyi bodi ni mutundu wamene usila. Nizayamba na bodi, ndiye faundeshoni. Chaka cha mailo pulosesa na ramu. Kadi ni lasiti.”

“Manje bodi yeka siizachinja vilivonse. Muzankala chaka chonse na motoka yogwa mu chipupa.”

“Nizayembekeza. Nitamangila kuti?”

Chimene sitinkakamba pa tebulo limenelo ndi chifuwa chawo. Chinayamba nthawi yozizira, dzuwa la Okutobala linachipeza chilipobe. Lamba anamubowola kabowo katsopano, kenaka kenanso. Ine ndikatsegula belo pamsika ndinkapatula thalauzi la mtundu umene ankavala, koma locheperako, n'kudula kansalu kolembedwa saizi, n'kukalipachika pakati pa zovala zawo ngati lakhala lili pomwepo. Ankavala osafunsa.

Pamsewu wa pafupi ndi benchi langa pankadutsa malole a maliro, amayi akuimba pamwamba. Poyamba tinkaimirira n'kufunsana kuti ndi ndani. Kenaka ndinasiya kufunsa, chifukwa yankho linkakhala munthu wamsinkhu wathu, ndipo ukafunsa chamutenga ankangoti anadwala nthawi yaitali. Matendawo tonse tinkawadziwa, ndipo mankhwala ake anthu ngati ife tinkangowamvera m'mphekesera. Kutchalitchi kwathu ankatiphunzitsa kuti chimene wavomereza ndi pakamwa wachiitana. Choncho munthu ankati akafunsidwa kuti wadzuka bwanji, ngakhale akugwira khoma, ankayankha kuti ndi wodalitsika. Amuna anga anali wodalitsika m'mawa uliwonse, ine n'kumati ameni.

Ndinkaopa. Ndinkaopa kuti amwalira, ndipo panalibe munthu woti ndimuuze popanda kudzudzulidwa kuti ndikuitana imfa. Ndiye nkhani ya bodi ija inasanduka mankhwala anga. Munthu amene akunena za pulosesa ya chaka chamawa ndiye kuti akudziona alipo chaka chamawa, ndipo amuna anga sankalonjeza chinthu asanachiyeze. Ine amene ndinkafuna kuiponya kudzala kompyutayo, ndinayamba kuputa dala mkanganowo.

“Ba dadi, bwanji osamvela chabe banzanu? Gulani kadi.”

“Imwe ba mami, zibani vanu va salaula,” ankatero akuseka, chifuwa n'kuwadula. Akapuma ankabwereza ndondomeko yonse, bodi, pulosesa, ramu, kadi kumapeto, ine mtima n'kukhala pansi mpaka tsiku lotsatira.

Tsiku lina anapita ku Lusaka okha, akuti akaone mitengo ya mabodi. Anabwera chimanjamanja, koma povula shati ndinaona kathonje komata ndi pulasitala pamkono, mkati mwa chigongono. Anati amayezetsa malungo. Ndalera ana, ndikudziwa kuti malungo amabaya pachala. Ndinatenga shatiyo n'kukainyika m'beseni.

Patapita masabata angapo ku fakitale anawapatsako zina mwa ndalama zimene ankayembekeza, ndipo anati apitanso ku Lusaka kukatenga bodi. M'mawa umenewo anapesa tsitsi nthawi yaitali, ngakhale linali litayamba kupyapyala moti chipeso chinkangodutsa. Ndinawaperekeza pokwerera minibasi, chinthu chimene sindinkachita. Kumsika tsiku limenelo ndinalakwitsa chenji kangapo, mayi wa benchi loyandikana nalo mpaka anandifunsa ngati ndalandira uthenga. Ndinalongedza msanga, dzuwa likadali pamutu.

Ndinawaona pawindo akubwera, akuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa mpanda wa maluwa. Maso anga anathamangira m'manja mwawo. Ndinkafuna kuona bokosi lalikulu ngati thireyi, loti alikumbatire pachifuwa. Ananyamula kajumbo kakuda, kolendewera pa zala ziwiri.

Sanakhale pansi n'komwe. Anapita molunjika pa kompyuta, anazimitsa magetsi pakhoma monga mwa chizolowezi chawo, n'kumasula bokosi lija. Sikuluu imodzi inagwa, ndinawatolera. M'kajumbomo anatulutsa kadi, n'kuibaya pa bodi yakale yomwe ija, ya fumbi, imene ankati ndi yotha ntchito. Atayatsa, galimoto inanyamuka. Inakhota pamene inkaima kale, osadukiza, mitengo ya m'mbali mwa msewu ikungodutsa. Sindinaonepo chinthu chosalala chotero pa galasi limenelo, ndipo sindinachitepo mantha ngati nthawi imeneyo.

“Nanga bodi, ba dadi?”

Sanatembenuke. “Bodi ifuna kuyembekeza,” anatero.

“Si imwe munakamba kuti mutamangila kuti?”

Anaimitsa masewerawo. Panja ana ankamenya mpira wa mapepala, wina akuitana mnzake. Ndinadikira kuti anene, ndinkafuna anene, komanso ndinali wokonzeka kuwatseka pakamwa ndi dzanja langa. Iwo anangokoka kampando kena n'kukaika pafupi ndi kawo.

“Nkalani pansi, ba mami. Muone mwamene itamangila.”

Munthu amene anasunga kabokosi ka firiji pa shelefu mpaka mwana kukwawa anali atagula chinthu cha lero lokha. Ndinakhala pansi. Phewa lawo linagunda langa, fupa lokhalokha mkati mwa shati. Anayambitsanso mpikisano, ndipo ndinapenyetsetsa galimotoyo, ndikupemphera chamumtima kuti idukize ngakhale kamodzi, igwere m'khoma ngati kale, kuti mwina anene kuti analakwitsa, ayambe ndi bodi. Inathamanga bwinobwino mpaka kumapeto.