Mpando, Njerwa ndi Mtanda wa Bulugamu

Mboni zanga ndi zitatu ndipo zonse zili moyo: mkazi wanga, alamu anga omwe ndi mlongo wake wa mkazi wangayo, ndi akatekisti a tchalitchi chathu kuno kumunsi kwa Chongoni. Yachinayi ndi bondo langa lakumanzere, koma ilo limakokomeza nkhani, choncho musalifunse. Ine sindikokomeza.

Kwa zaka zambiri, amene amasenza mtanda pa Njira ya Mtanda ya Lachisanu Loyera, kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka pamwamba pa kaphiri, ndine. Ntchitoyi ndinailandira kwa malemu bambo anga. Mtandawo ndi wa bulugamu, ndipo mmisiri amene anaupala ayenera kuti anali ndi munthu wodana naye. Chaka chatha bondo linandikana panjira. Ambuye Yesu anagwa katatu. Ine ndinagwa kasanu, kawiri konseko pamalo pomwe buku la mapemphero silinena za kugwa. Amayi a kwaya ankayamba nyimbo n'kuisiya, osadziwa kuti atsate buku kapena atsate ine.

Lachitatu la Phulusa chaka chino akatekisti anandiitanira kuseri kwa tchalitchi.

"Bambo, komiti yakambirana. Loweruka loti mawa lake ndi Lamulungu la Kanjedza mukwere nawo mtandawo ife tikuona. Ukachoka paphewa musanafike pamwamba, tipereka kwa wina."

Winayo anali chiimire pomwepo, akuyang'ana mitambo. Anali alamu anga, munthu amene amanyamula thumba la mbatata ya kachewere ngati akutola chipewa.

Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Lilongwe. Atamva, anabwera n'kuika pulogalamu ya masewera olimbitsa thupi mu foni yathu. Analembamo zaka zanga, kulemera kwanga ndi pomwe pamapweteka.

"Ababa, iyi imaphunzira munthu," anatero. "Ikaona kuti mukulimba, imakuwonjezerani. Ikaona kuti mukufooka, imachepetsa."

Mkati mwake munali mawu a mayi wina wolankhula Chingerezi, yemwe ankawerenga ndi kundiuza nthawi yopuma. Mkazi wanga anamutcha mkazi mnzake kuyambira tsiku lomwelo.

Sabata yoyamba mayiyo anali munthu wabwino. Kukhala pampando n'kuimirira kakhumi osagwirira. Kukwera panjerwa n'kutsika. Kutsamira khoma ngati wakhalira mpando womwe kulibe, n'kuwerenga mpaka makumi awiri. Kenako kupuma. Bondo linasiya kulira pokwera chulu cha kuseri kwa khola, ndipo ndinayamba kupereka moni kwa alamu ndi mawu okweza.

Sabata yachiwiri mpando unasowa mu fonimo. M'malo mwake kunabwera kuthamanga pamalo amodzi. Yachitatu kunabwera kudumpha ngati chule, kenako kudumpha ndi mwendo umodzi. Ndinamvera, poti mwana anati imandidziwa. Pofika sabata yachinayi bondo linali litatupa. Ndinaliyerekeza ndi dzungu lenileni la m'munda mwathu, ndipo dzungulo linachita manyazi.

Alamu anabwera kudzandizonda. Anakhala pakhonde, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, limeneli munabzala liti? Lachita bwino chaka chino."

"Ndi mphamvu zikusonkhana, alamu."

"Zisonkhane ndithu. Ine phewa ndayamba kale kulidzoza mafuta."

Ndinaseka nawo, koma atachoka ndinawerenga masiku. Anatsala khumi ndi awiri, ndipo kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe ndinkayenda chogwirira khoma. Ndinafufuza masewera a mpando aja mu fonimo. Kunalibe. Pulogalamuyo imakonza atsopano m'mawa uliwonse, a dzulo n'kuwataya.

Ndinaimbira mwana. Anandiuza podina, n'kuti ndimuwerengere zomwe zalembedwa.

"Ababa, bwerezani. Ikuti dzulo munakwera phiri kawiri dzuwa lisanafike pamutu?"

"Dzulo ndinakwera bedi basi. Nalonso movutikira."

Mkazi wanga anali pamphasa akusankha nyemba. Manja ake anaima.

Foni m'nyumba mwathu ndi imodzi. Ine ndinkaigwiritsa ntchito madzulo, dzuwa likapendeka. M'mawa mkazi wanga amaimanga pamfundo ya chitenje kuti azimvera wailesi popita kunkhuni m'mphepete mwa nkhalango, kuchoka uko kudimba, kuchoka uko kuchigayo. Foni imawerenga mapazi a amene wainyamula, sifunsa kuti ndi a yani. Masabata onsewo mayi wa mufoni ankaona miyendo ya mkazi wanga, n'kumapereka chilango kwa ine.

"Ndiye mwati ndiisiye pakhomo?" anafunsa mkazi wanga. "Za maliro ndizimvera pa chiyani?"

Mwana anati ngakhale amayi ake aisiye pakhomo, pulogalamuyo itenga masabata kuti indiphunzirenso, ndipo masabatawo ndinalibe. Panali njira imodzi yokha.

"Pamwamba pa masewera aliwonse pamakhala kamtima. Munthu akakadina, masewerawo amasungika momwe alili, osasintha. Ababa, sabata yoyamba ija munakadinapo?"

"Ine sindidina mitima ya amayi osawadziwa."

Ndinamva mwana akupuma kutsidya kwa foni, ndipo m'maso mwanga ndinaona alamu ali kutsogolo kwa mpingo, mtanda wa bambo anga uli paphewa lodzozedwa mafuta.

"Ndinakadina ndine," anatero mkazi wanga, maso ali munyemba. "Tsiku lachiwiri lomwe lija. Ndimati ndione ngati mayiyo ayankhe."

Tinatsegula pomwe pamakhala zosungidwa. Analipo, amodzi okha: mpando, njerwa, khoma, kupuma.

Mwana analamula kuti bondo lipume masiku atatu, ndizilikulunga nsalu yonyowa. Madzi a kuno m'mawa safuna firiji. Masiku otsalawo ndinachita masewera omwewo, pampando womwewo, panjerwa yomweyo, mpaka njerwayo inayamba kundidziwa phazi. Tsiku lililonse mayi wa mufoni ankayamba wandionetsa zachule zake. Ine ndinkamudutsa n'kupita ku kamtima. Bondo linaphwa, koma silinalonjeze kanthu.

Loweruka kunacha ndi nkhungu, mvula itagwa dzulo lake. Njira ya kukaphiri inali yoterera. Komiti inali kumbuyo, akatekisti pambali, alamu pafupi kwambiri, manja ali chire ngati munthu wodikira kuwakha mwana. Mkazi wanga anatsalira kumapeto. Palibe ankayimba. Ndinkangomva mtanda ukukhukhuluza miyala ndi mpweya wanga.

Pamalo potsetsereka pomwe ndinagwa kachinayi chaka chatha, bondo linayamba kunjenjemera. Ndinalimva likufuna kupinda lokha. Kumanja kwa njira kuli mwala waukulu wosalala. Ndinausendera, n'kutsamira msana, n'kukhalira mpando womwe kulibe, mtanda uli paphewa. Ndinayamba kuwerenga chamumtima.

"Autula," anatero alamu.

Akatekisti anabwera, anawerama, anayang'ana paphewa panga ngati akuyesa mbuzi pamsika. Ine ndinali pa khumi ndi zitatu.

"Ukadali paphewa," anatero.

Nditafika makumi awiri ndinapuma monga mayi uja amanenera, n'kudzuka osagwirira. Kuchoka apo ndinayenda mapazi khumi, kupuma, mapazi khumi, kupuma, ngati kaphiri konseko ndi njerwa zosanjikizana. Komiti ikuti tinatenga ola. Ine ndikuti mbewu zinacha tili panjira, ndipo mboni ndatchula kale.

Pamwamba akatekisti anapukuta magalasi awo.

"Lachisanu mulawire, bambo."

Potsika nawo mtandawo ananyamula ndi alamu, poti mafuta aja anali atadzola kale. Lachisanu Loyera ndinagwa katatu, pamalo pomwe buku limanena.