Tsiku Limene Ndinakuwa M'kalabu Yakale ya Kugombe

Ena mwa inu munena kuti mayiyu wakalamba, mutu wayamba kusokonekera, koma ndikulumbira pamaso pa Mulungu kuti palibe chimene ndawonjezerapo, ndipo likanakhala bodza bwenzi ndikugona tulo ngati anzanga. Mayina sinditchula, chifukwa ana a anthu ake alipo ndipo timakumana mumsika.

Kugombe kwathu kuno ku Salima kunali kalabu ina, nthawi ija ya chipani chimodzi pamene ngakhale polowa mumsika ankayamba akufunsa khadi. Inu, analitu malo amene aja! Mwezi ukatha anthu ankachokera kuboma, ena ku Lifuwu atagulitsa mpunga, ndipo ine amuna anga ndinawapezera momwemo tikuvina sinjonjo. Woimba wa bandi ya pamenepo anali bambo wina wamtali, wa mpata kumano, amene akangoyamba nyimbo ngakhale wogulitsa mowa ankaiwala kutsekula mabotolo.

Tsiku lina m'mawa mwini kalabu anatengedwa pa galimoto osabwereranso, ndipo palibe anafunsa chifukwa chake, poti masiku amenewo funso linkakutsatitsa komwe wapita mnzakoyo. Kalabu inatsekedwa. Woimba uja anayamba usodzi, ndipo pasanathe miyezi iwiri bwato lake linapezeka litagudubuka, iye osaoneka. Atafunafuna mpaka kutopa, abale anachita mwamwambo, anaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa mtembo. Ine ndinali pomwepo, ndinaphika nawo, ndinalira nawo, ndipo mkazi wake ndinamugwira ndi manja angawa pamene ankadzigwetsa pansi.

Patapita chaka, waya wa pa uvuni wanga wowambira nsomba unatha ndi dzimbiri, ndiye ndinakumbukira kuti mawindo a kalabu ija anali ndi waya wolimba. Anthu ankawaopa malowo, ati mumamveka kutsokomola, koma ine ndi makani angawa ndinkati mantha sadyetsa ana. Ndinanyamula chikwanje n'kupita ndekha, dzuwa lili paliwombo.

Zomwe ndinaona zinandiwawa mumtima. Malata theka anali atasasulidwa, simenti imene tinkavinapo itang'ambika, udzu utamera m'ming'alu, mipando itadyedwa ndi chiswe, ndipo fungo la mileme linali losati n'kupuma. Ndili mkati mokanganula waya, ndinamva munthu akutsokomola kuseri kwa kauntala, m'kachipinda komwe ankasungiramo makuleti a mowa. Wanzeru akanathawa, koma ine ndinaganiza kuti ndi mnzanga wodzaba waya womwewo, ndiye ndinakankha chitseko kuti tionane.

Pamphasa panakhala munthu, ndevu zofika pachifuwa, tsitsi lopotana, khungu lotuwa ngati wadzola phulusa. Atatsekula pakamwa ndinaona mpata uja kumano. Anali woimba uja, amene ndinadya nawo pamaliro ake! Sanatulutse mawu, anangoika chala pamilomo n'kumapukusa mutu, maso ali tong'o. Tsono inu mukudziwa zomwe tinakula tikumva za ndondocha, kuti munthu amaphedwa m'matsenga, abale n'kuika nthochi, pamene mwiniwakeyo wina wamutsekera m'nyumba atamudula lilime. Nthochi tinaikadi, ndipo uyu sakulankhula, nanga mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Pambali pake panali kapoto ka mpunga wophikidwa kumene, ndinakaona ndithu, koma sindinadzifunse kuti waphika ndani.

Ndinatuluka liwiro la mtondo wadooka, ndikukuwa kuti ndondocha, ndondocha, chitenje chikukwekwereka pansi. Asodzi anasiya kusoka maukonde, amayi anasiya mbale kunyanja, gombe lonse linakhamukira kumeneko. Ashehe ena achikulire anayesa kuletsa anthu, ati tiyambe taona bwino ndi kutchula dzina la Allah, koma ndani akanawamvera? M'chikhamu chomwecho munalinso anyamata achipani a malaya ofiira, ndipo ndiwo analowa n'kumukoka.

Atamutulutsa padzuwa m'pamene analankhula, ndi mawu omwe aja tinkavinira, lilime lili lonse. Ananena kuti palibe munthu ankadziwa zoti ali mmenemo, chakudya ankachita kuba yekha m'minda, ndipo anabwereza zimenezi katatu ngakhale panalibe womufunsa. Apo m'pamene ndinazindikira kuti si ndondocha ayi, ndi munthu wamoyo amene ankabisala. Anyamata achipani aja anamumanga ndi chingwe cha ukonde n'kupita naye kuboma, ndipo mpaka lero palibe anamuonanso.

Patatha masiku atatu mkazi wake anandipeza ndikuwamba nsomba. Ndinayembekeza kuti andilavulira, ndipo ndikanalandira, koma iye anangokhala pansi n'kuyamba kunong'ona. Anati mwamuna wake anatsinidwa khutu kuti akatha mwini kalabu wotsatira ndi iye, choncho bwato analigudubuza yekha, ndipo chaka chonse mkaziyo ndiye ankamupititsira chakudya atachibisa m'mtolo wa nkhuni. Anandifunsa ngati anamumenya pomutenga, ine ndinanama kuti ayi. Kenako ananena kuti maliro abodza analira pamaso pa mudzi wonse, koma enieniwa sangalire, chifukwa misozi ikaoneka anthu adziwa kuti ankadziwa, ndipo ana atsala opanda mayi. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti akhale pafupi ndi uvuni wanga, mbali imene kukupita utsi, kuti odutsa aziyesa kuti maso akuwawa ndi utsiwo. Anakhala pamenepo mpaka nsomba zinapsa, ine ndikusonkhezera nkhuni zaziwisi.

Lero mukandifunsa ngati ndondocha ziliko, ndikuuzani kuti sindinaionepo. Amene ndinamuona anali bambo wa ana atatu, wokhala ndi mkazi wolimba mtima, ndipo anatha chaka chathunthu osagwidwa mpaka tsiku limene ine ndinatsekula pakamwa. Anthu amandipepesa kuti sindinkadziwa, koma kusadziwako sikunamubweze. Abale anga, mukadzakumana ndi choopsa chikukupemphani kuti mukhale chete, yambani mwaona kuti pa awirinu amene akunjenjemera kwambiri ndani, musanaitane anthu.