Loko wa Chitseko Chakumbuyo

A Mofizuddin Pramanik anayesapo malonda katatu, ndipo katatu konse anawagwetsa ndi pakamwa pawo.

Mtsinje wa Jamuna utawadyera munda ndi nyumba, anabwera ku Gazipur ndi mkazi wawo Joygun, kamwana kamodzi kotchedwa Shiuli, ndi mapoto awiri. Anayamba ndi nsomba. Mayi akafunsa kuti, "Ndi za lero izi?" iwo ankayankha kuti, "Za dzulo, mayi, koma zagona pozizira." Mayiyo ankathokoza mwaulemu, n'kukagula kwa woyandikana nawo, amene nsomba zake zinali za dzana koma akulumbira kuti wazivuula yekha m'mawa womwewo. Anasiya nsomba nayamba nsalu, ndipo ankachenjeza ogula kuti yofiirayo ikachapidwa isuluka. Kachitatu anali mango. Ankawatembenuza limodzi limodzi kuti wogula aone pamene payamba kuola.

"Bambo a Shiuli," Joygun anawafunsa tsiku lina, akudya mango otsala chifukwa ndiwo panalibe, "wakufunsani ndani za kuolako?"

"Akanakaziona kunyumba."

"Eya, kunyumba kwawo. Ife kuno tikanakhala tikudya mpunga ndi ndiwo."

Mbiri yomwe inawaphera malonda ndi imene inawapezera ntchito. Bwana Talukdar, woyang'anira fakitale ya zovala ya Nilpori, atamva za iwo anati munthu wolephera kugulitsa mango chifukwa cha chilungamo sangabe malaya. Anawalemba ulonda wa pa chitseko chakumbuyo, m'munsi mwa masitepe. Ntchito yake inali yosavuta. Amayi osoka akangolowa m'mawa, a Mofiz ankatseka chitsekocho, kukolekapo loko, kumudina mpaka alire, kenaka kuvala kiyi m'khosi ndi kachingwe. Ankatsekula poweruka. Bwana ankati chitseko chikakhala chotsekula, malaya amamera miyendo.

Kamodzi kokha, chaka choyamba, anafunsapo kuti, "Nanga moto utabuka, bwana?"

"N'chifukwa chake pali inu, Chacha."

Aliyense pafakitalepo ankawatchula choncho, Chacha, amalume a anthu onse. Yankho la bwana linawakwana. Sanaganizeko kuti masana aliwonse amawoloka msewu kupita ku mzikiti, kiyi ali m'khosi, amayi mazana asanu ndi limodzi ali m'mwamba.

Kawiri pa chaka bwana ankawaitana ku ofesi. Ankawapatsa katoni ya maswiti a mkaka ndi ndalama ya basi, n'kunena kuti, "Mwatopa, Chacha. Mawa pitani ku Tangail mukaone alongo anu." Zinachitika choncho zaka khumi ndi zinayi. A Mofiz ankazinyadira pa malo omwera tiyi, kuti mwa alonda onse asanu ndi iwo okha amene bwana amawakumbukira alongo.

Tsiku la tchuthi chawocho linali tsiku limene kunkabwera oyendera, otumidwa kudzaona ngati malaya amene ogula akunja amavala amasokedwa mwaumunthu. Ankati amabwera modzidzimutsa, koma penti wachikasu wolembera tinjira pansi ankagulidwa sabata yathunthu iwo asanafike. Makatoni ankachoka pa masitepe. M'zimbudzi munkaoneka sopo. Chipinda chosungira ulusi chinkasanduka cholereramo ana, chokhala ndi zidole zitatu zomwe zinali zisanagwidwepo ndi mwana. Amayi ankaphunzitsidwa kuyankha kuti amaweruka dzuwa lisanalowe. Chinthu chimodzi chokha sichikanatheka kupentedwa kapena kuphunzitsidwa, ndiye ankachikweza basi. Onse ankadziwa, ngakhale Shiuli, amene tsopano ankasoka makolala pa nsanjika yachitatu. Palibe anawauza a Mofiz. Anthu amachita manyazi kuwonongera mkulu tchuthi.

Chaka cha khumi ndi chisanu, m'nyengo ya mvula, a Mofiz anafika pa depoti ndi katoni yawo n'kupeza madalaivala akunyanyala ntchito. Anadikira maola awiri, basi osanyamuka. Munthu wina aliyense akanabwerera kunyumba kukagona. Iwo anaganiza kuti tchuthicho anapatsidwa kuti akaone alongo, ndipo popeza alongo sawaona, tsikulo ndi la fakitale. Anayenda wapansi m'matope, maswiti ali kukhwapa, kukawabweza.

Anapeza chitseko chawo chili pululu. Loko panalibe. Pamwamba pake pankayaka nyali yobiriwira imene iwo ankayesa kuti inafa kalekale, ndipo pa masitepe panali poyera moti munthu n'kudyerapo. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Sanali opusa. Zaka khumi ndi zinayi zinawabwerera zonse pamodzi, ndi maswiti ake omwe.

Bwana Talukdar anatulukira pakona atavala tayi, ndipo atawaona anaima ngati waponda msomali.

"Chacha. Alongo anu amwalira?"

"Basi palibe, bwana. Ndabweza maswiti."

"Idyani. Pitani kunyumba mukadye ndi akazi anu. Dzerani uku."

Koma galimoto yoyera ya oyendera inali italowa kale pageti, ndipo njira yotulukira inali yomweyo. Bwana anawagwira pa mkono, nalankhula motsitsa mawu.

"Sindikuti muname. Ndingakupempheni bwanji zimenezo? Mungokhala chete."

"Nanga akandifunsa?"

"Akakufunsani, mukumbukire kuti ogulawa akakwiya amasamukira fakitale ina ngati mmene munthu amasinthira malo ogula nsomba. Inu mukuzidziwa bwino zimenezo. Makina akaima, amayi onsewa akubwerera kumudzi. Shiuli wanu poyamba."

Bwana atachoka, Shiuli anatsika masitepe ngati akupita kukamwa madzi, atavala chophimba kukamwa chatsopano chimene ankayenera kuchibweza madzulo.

"Bambo, bwanji simunangogona pa depoti?"

"Iwe umadziwa?"

"Amphaka a kukantini amadziwa." Anawakonza kolala ya yunifolomu, monga mwa ntchito yake. "Musatiphere mango, bambo," anatero, nabwerera m'mwamba.

A Mofiz anakhala pa mpando wawo, katoni ili pamiyendo. Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu anali asananamepo, ndipo chuma chawo chonse chinali chimenecho. Ku mzikiti anthu akakangana ankati tifunse a Mofiz. Lero akanena zoona, mwana wawo ataya ntchito pamodzi ndi anzake onse. Akanama, abwerera kwa Joygun opanda nsomba, opanda nsalu, opanda mango, opandanso dzina.

Woyendera anafika kwa iwo pafupi ndi masana. Anali mayi wachitsikana wa ku Dhaka, dzina lake Dilruba Khanom, wa magalasi ndi nsapato zonyowa, atanyamula fomu yamasamba ambiri. Bwana ankamutsatira pambuyo, koma iye anamupempha kuti aime patali, chifukwa lamulo limati antchito azifunsidwa momasuka.

"Ndinu mlonda wa pano, Chacha?"

"Ndine, Apa." Anamutchula ngati mlongo wamkulu, ngakhale anali msinkhu wa Shiuli.

"Chitsekochi chimatsekukira kunja?"

"Kunja."

Anachonga. "Nyali iyi ikuyaka?"

"Ikuyaka."

"Pa masitepe pali katundu?"

A Mofiz anacheuka. "Palibe."

"Munaphunzitsidwapo kugwiritsa ntchito chozimitsira moto?"

"Kamodzi."

"Kamodzi ndi eya." Anachonga. "Pa nthawi imene ndafika, chitseko ndachipeza chotsekula. Ilo ndiyankha ndekha."

Mafunso anatha. Onse anawayankha moona, ndipo anadabwa kuti zoona zingakhale zopepuka chotero. Koma pakamwa pamene panagwetsa malonda atatu panatseguka pokha.

"Apa, pali china."

Dilruba sanadzutse mutu. Anatambasula cholembera n'kugogoda kachitsulo kokolekapo loko, kamene kanali konyezimira chifukwa chopekesedwa tsiku ndi tsiku, pamene chitseko chonse chinali cha dzimbiri. Anakagogoda kawiri.

"Chacha, lero ndili ndi mafakitale atatu, ndipo onse ali ndi kachitsulo kowala chonchi. Mukanena, ndiyenera kulemba. Ndikalemba, ogula achoka, ndipo chaka chamawa bwana wanu adzaitana kampani ina yoyendera, ya maso ofooka. Ine ndidzafunsidwa chifukwa chake ndikuthamangitsa makasitomala. Chitsekochi chidzakhala chokiya ndithu, kungoti m'mwambamo mudzakhala mulibe anthu." Anawongola magalasi. "Koma ufulu ndi wanu. Mumati pali china?"

M'mwamba makina ankalira ngati mvula pa malata. A Mofiz anayesa kusiyanitsa kulira kwa makina a Shiuli, koma onse ankamveka chimodzimodzi.

"Ndi chitseko cholimba, Apa," anatero.

"Ndaona. Zikomo, Chacha."

Zinalinso zoona. Madzulo bwana anawakumbatira pamaso pa alonda anzawo, nati, "Zaka zonsezi ndakhala ndikuwononga maswiti pachabe. Munthuyu ndi wa malonda." Patatha mwezi kunabwera satifiketi, ndipo inapachikidwa pa khomo la alendo. Pambali pake anaikapo chithunzi cha a Mofiz ali mu yunifolomu, pansi pake atalemba kuti chilungamo ndiye maziko a Nilpori.

Joygun atamva nkhani yonse sanaseke, ngakhale anali ndi ufulu woseka.

"Ndiye simunaname," anatero.

"Sindinaname."

"Nanga bwanji mpunga ukukukanikani?"

A Mofiz anakankhira mbale pambali. Ku mzikiti palibe chinasintha, anthu ankawafunsabe milandu. Chimene chinasintha chinali kachingwe ka m'khosi. Masana akamawoloka msewu kupita kukapemphera, ankamva kiyi akuwagunda pachifuwa nthawi iliyonse akaponya phazi, ndipo ali chogwada ankapezeka akununkhiza mpweya ngati mukumveka utsi. Anayesa kupemphera pa mpando pomwepo. Koma munthu amadwala, amapita kuchimbudzi, amatumidwa ku geti. Anapitanso kwa bwana ndi funso lija la moto. Bwana anawamvetsera mwaulemu wonse woyenera munthu wa pa chithunzi, ndipo mawa lake anawapatsa loko watsopano, wamkulu, wa mkuwa, kuti wakale uja wayamba kuvuta.

M'mawa womwewo amayi atalowa, a Mofiz anatseka chitseko nakoleka loko watsopanoyo. Anamutembenuza kuti kamwa lake liyang'ane kukhoma, nasendeza chitsulo chake mpaka chinakhudza bowo, koma osamudina. Munthu woima masitepe atatu kuchokera pamenepo akanalumbira kuti ndi wokiya. Mayi aliyense womukoka ndi chala chimodzi akanamutsegula. Anabwerera m'mbuyo, kumuyang'ana uku ndi uku, kumukonza pang'ono, monga ankachitira mnzawo wa nsomba uja poyala za dzana kuti mbali yabwino ikhale pamwamba. Anazindikira kuti luso limeneli anali nalo kuyambira kale, kungoti sanaligwiritsepo ntchito.

Pa nthawi ya chakudya anauza Shiuli mawu awiri okha, ndipo pofika madzulo nsanjika zonse zinadziwa, pamodzi ndi amphaka a kukantini. Amayi amene anasunga chinsinsi cha tchuthi zaka khumi ndi zinayi sakanavutika kusunga ichi.

Tsiku lachitatu bwana Talukdar anadutsa kumapeto kwa khonde, foni ili kukhutu, ndipo anaima pang'ono.

"Ali bwanji loko watsopano, Chacha? Mwakiya?"

A Mofiz anaimirira, nagwira kiyi wa m'khosi mwawo kuti bwana amuone.

"Ndakiya, bwana."

Mawuwo anatuluka bwinobwino, opanda kukhosomola. Bwana anagwedeza mutu napitirira ndi foni yake. Sanabwere kudzagwira lokoyo, tsiku limenelo ngakhale masiku ena onse, chifukwa Gazipur yense amadziwa kuti a Mofiz sanama.