Mtedza wa a Levison

A Levison ankakonza njinga pa Nambuma, pansi pa mtengo wa mango. Ali mnyamata anagwirako ntchito m'minda ya ku Chitedze, ndipo kumeneko mlendo wina wofufuza za mbewu anawaphunzitsa masewera a nthano. Anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense nkudzisankhira munthu woti akhale m'nthanomo, wina msilikali, wina mlenje, wina wamatsenga. Mmodzi amatsogolera nkhani, madayisi, timiyala ta manambala toponya patebulo, nkumagamula ngati chimene wayesa chatheka.

Loweruka masana ankasewera pakhonde pawo ndi a Evaristo, mlimi wa fodya, ndi a Febe, mphunzitsi. Lamulo limene a Levison sankalola kuliphwanya linali la matsenga. Wamatsenga ankapatsidwa mtedza wodzaza chikhatho. Kuyatsa moto, mtedza umodzi. Kuchiritsa wovulala, ingapo. Ukatha, basi, mpaka munthu wa m'nthanoyo agone tulo.

“Bwanji osangondiwonjezera?” ankadandaula a Evaristo.

“Munthu wotha zonse alibe nkhani,” ankayankha a Levison. “Kukoma kwake nkusankha woti mumuthandize ndi woti mumusiye.”

Chaka china malungo anavuta. Loweruka lina mayi wina akuchokera kuchigayo anamva a Evaristo akunena kuti, “Mphamvu zanga zatha, mwanayo sindingamupulumutse.” Ankanena za mwana wa m'nthano. Koma sabata yomweyo mwana wa a Yonasi, oyandikana nyumba ndi a Levison, anamwalira.

Maliro asanathe nkomwe, mudzi wonse unali utamva kuti pakhonde pa a Levison pamachitika zaufiti. Akulu a mpingo anawaitana a Levison, iwo nkupita ndi madayisi ndi mtedza kuti akaonetse kuti zonse nzongopeka. Anafotokoza mofatsa mmene mphamvu zimathera ndi mmene zimabwererera.

Mkulu wina anawafunsa: “Ndiye mukudziwa ndi malire ake omwe, eti? Wodziwa malire a chinthu ndi amene amachichita.”

Anawaimitsa mumpingo. Chidutswa cha njerwa chinaphwanya galasi la zenera lawo, njinga zinayamba kupita kwa wokonza wina. A Evaristo anakalapa pamaso pa anthu, nkunena kuti ananyengedwa. Akazi awo a Levison, a Rebecca, anapirira mpaka kukolola, kenako anati sangathenso kutunga madzi pamjigo pomwe anzawo amakhala chete iwo akafika. A Levison anawasiyira nyumba ndi munda, nkusamukira ku Kasiya.

Kumeneko amakonzabe njinga, tsitsi layera, salankhula zambiri. Tsiku lina la msika a Febe anaima patsogolo pawo ndi njinga yophwa tayala. Anapatsana moni waulemu ngati anthu ongodziwana patali. A Levison anamata chubu, anapopa, anagwedeza tayalalo kuti aone ngati lalimba.

“Ana ali bwanji?” anafunsa.

“Ali bwino,” anatero a Febe, maso ali kumsewu, nkukwera njinga yawo.