Ndodo ya Mbedza ya a Custódio

A Custódio anali munthu wosamala zinthu mpaka kutopetsa. Zaka khumi ndi ziwiri anagwira ntchito pa kachipatala kena kufupi ndi Furancungo, kuwiritsa majakisoni ndi kuthandiza azamba, ndipo dzimbiri ankadana nalo kuposa njoka. Mu 1975 dokotala wachipwitikizi, pobwerera kwawo, anawasiyira ndodo yowedzera nsomba ya zigawo ziwiri zolumikiza, pamodzi ndi kareto wake, kachitsulo kopukusa kokulungira chingwe. Anthu ena onse ankawedza ndi nsungwi kapena kutchera miono. Iwo okha ndiwo ankaponya mbedza mpaka pakati pa dziwe ataima pouma, n'kubwera ndi milamba yonenepa ngati mkono. Tisabise, ankadzimva nayo ndodoyo.

Pofika mu 1986 nkhondo inali itatseka kachipatala kaja, midzi ya kumtunda itapsa. Alamu awo a Alberto, amene ankadziwa njira za m'mapiri zotulukira ku Malawi, anati mabanja asanu anyamuka Lachisanu m'mawa mwakachetechete, ndipo wochedwa sadzadikiridwa. A Custódio sakanatha kutsala. Mwana wawo Cecília anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo pagulu lonselo iwo okha ndiwo anaonapo mmene azamba amachitira zinthu zikavuta. Koma a Alberto anaika lamulo: pasapezeke wonyamula chinthu chachitali paphewa, chifukwa munthu wa mfuti akakuonera patali safunsa kuti wasenza chiyani. Ndodo ija inayenera kutsala.

Munthu wina akanangoiponya kudenga. Osati a Custódio. Lachinayi m'mawa anayala mphasa kuseri kwa nyumba, n'kumasula chingwe chonse ndi kuchikulunga pa chitsononkho. Kareto anamuphwasula, n'kutsuka kachitsulo kalikonse m'palafini ndi nthenga ya nkhuku. Mafuta opaka anatenga a makina osokera a akazi awo, a Natália, osapempha n'komwe.

"Bambo a Cecília," anatero a Natália, atanyamula lichero la ufa wa paulendo, "anzanu akukazinga chimanga, inu mukusambitsa chitsulo. Kodi chidzakuyenderani njira chimenecho?"

"Nkhondo idzatha, mayi. Tikadzabwera tidzadya chiyani, munda uli tchire?"

Mtima wawo sunali m'malo, ngakhale ankayankha modekha. Galu akauwa kutsidya, manja ankaima. Komabe anaboola mfundo za nsungwi yaikulu, n'kulowetsamo ndodo itakulungidwa m'nsanza ya mafuta, n'kutseka mbali zonse ndi phula. Dzuwa lili pamutu anakumba kamzere kuseri kwa nkhokwe, ndipo pansi pake anasalaza kawiri konse kuti ndodo isadzapindike. Mpamene mayi wina wochokera kudimba anadutsa panjira, n'kuona mwamuna akukwirira chinthu chachitali chokulunga. Sanapereke moni. Anangowonjezera liwiro.

Dzuwa litapendeka, asilikali anayi analowa pabwalo. A Natália anakankhira mitolo ya paulendo kunsi kwa bedi ndi phazi, n'kutuluka panja akupukuta manja.

"Madala, fukulani mfuti mwakwirira ija," anatero wamkulu wawo, mwamuna wowonda wa milomo yong'aluka.

"Si mfuti, chefe," anayankha a Custódio, kumutchula bwana m'Chipwitikizi.

"Fukulani."

A Custódio anakumba ndi manja, kamwa la mfuti likuwakhudza pamsana. Thukuta linkalowa m'maso. Ankaopa kufa, inde, koma chimene chinkawadya kwambiri chinali choti mmodzi wa anyamatawo akangolowa m'nyumba, aona mitolo, ndipo ulendo wa mabanja asanu uthera pomwepo. Phula lija analimata bwino kwambiri moti linakana kuchoka, mpaka msilikali analitokosa ndi mpeni. Ndodo itatuluka, a Custódio analumikiza zigawo zake ndi kumangirira kareto.

Wamkulu uja anaseka mpaka kutsokomola. "Tayenda mtunda wonsewu chifukwa cha ichi? Chimagwira n'komwe nsomba chimenechi?"

"N'chakufa, chefe," anafulumira a Natália. "Chinatha kalekale. Amangosunga, mukudziwa ukalamba."

Apa mpamene pakamwa pa a Custódio panathamanga kusiya mutu kumbuyo. "Chakufa? Ndapaka mafuta lero lomwe!" Anapukusa kareto, ndipo anazungulira mosalala, kulira pang'onopang'ono ngati wotchi yatsopano.

A Natália anawayang'ana amuna awo kamodzi kokha, n'kugwetsa maso pansi. Ndimakwiya nawo a Custódio pamenepa, koma ndimawamveranso chisoni, chifukwa anazindikira zimene achita mawu asanathe n'kutuluka komwe.

"Chabwino," anatero wamkuluyo, kuseka kutatha. "Anyamata anga atha miyezi iwiri akudya masamba a maungu opanda mchere. Msasa wathu uli pafupi ndi dziwe lalikulu. Tengani chingwe chanu, tiyeni."

"Ndikuphunzitsani kaponyedwe kake, chefe, sikovuta. Ndodoyo tengani, ndakupatsani."

"Ife manja athu ali ndi ntchito ina. Muziwedza ndinu."

"Masiku angati?"

"Mpaka tidzasamuke."

Kutsanzika sikunatheke, poti asilikali anali chiimire pomwepo. Cecília anaima pakhomo atagwira mimba. A Custódio anangouza akazi awo kuti mawa apite kumunda ndi a Alberto monga anapanganira, asawadikire, ndipo asaiwale lumo latsopano ndi ulusi wowiritsa, zodzadulira ndi kumangira mchombo wa khanda, zimene zili m'kachitini pawindo. A Natália anavomera ndi mutu.

Lachisanu dzuwa likutuluka, a Custódio anali ataima m'mphepete mwa dziwe, msilikali mmodzi atakhala pamwala kumbuyo kwawo, mfuti ili pamaondo. Kutali kutsidya, pamene njira imakwera phiri, panaoneka kamzere ka anthu osenza mitolo pamutu. A Custódio anasuntha pang'ono n'kuponya mbedza kumunsi kwa madzi, kuti msilikaliyo aziyang'ana kumeneko. Iwo ankayang'ana kuphiri mobisa. Kumapeto kwa mzere kunali munthu woyenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno monga ankayendera Cecília, ndipo anzake ankamusiya. Munthuyo anaima, n'kutembenukira kuchigwa. A Custódio anamva mkono wawo ukufuna kukwera wokha, koma anaukanikizira pa ndodo.

Chingwe chinagwedezeka, ndodo n'kuwerama.

"Yadya, madala!" anakuwa msilikali uja mosangalala, akuimirira. "Kokani! Mukuyang'ana kuti?"

A Custódio anaweramitsa mutu n'kuyamba kupukusa. Pamene anadzutsanso maso, paphiri panalibe munthu.