Rabia Anadikira Kulonjeredwa ku Arlington

Lachinayi pa 14 Marichi 2019, Rabia Jaffu anapita ku msonkhano wa madizaina ku Arlington, m'dziko la America, atanyamula nsalu zinayi m'chikwama. Msonkhanowo unayamba 6 koloko madzulo n'kutha 8 koloko. Chikwamacho sichinatsegulidwe.

Inu amene mukuona ngati luso lanu likuwolera m'nyumba, mvetserani mmene zinakhalira.

Rabia anabadwira ku Balaka m'chaka cha 1985. Bambo ake ankalemba zikwangwani za magolosale ndi mayina a pa maminibasi, iye akuwagwirira chitini cha penti. Anamwalira Rabia ali Fomu 2, sukulu n'kuthera pomwepo. Achibale anamupezera ntchito yosesa pa kampani ina yaing'ono yosindikiza ku Limbe. Kumeneko anaphunzira kompyuta posuzumira kumbuyo kwa eni ntchito, mpaka anayamba kukonza yekha makadi a ukwati ndi mapatani a nsalu za mabungwe.

Mu 2016 anatsatira mwamuna wake, Sharif, ku Laurel m'chigawo cha Maryland. Sharif ankayendetsa galimoto yoperekera katundu m'makomo. Mu Januwale 2018 anakomoka ali pantchito, ndipo sanadzukenso. Rabia anatsala yekha m'kanyumba ka chipinda chimodzi, akugwira ntchito yosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi.

Maliro atatha, anatsegula kompyuta yakale ya malemuwo n'kuyamba kujambula nsalu ya chikumbutso. Nkhope sanaikepo, poti chipembedzo chake cha Chisilamu sichikonda zimenezo. Anajambula makiyi a galimoto ija, ndi misewu imene Sharif ankadutsa, yolukanalukana ngati mkeka. Anatumiza pataniyo kwa osindikiza, n'kubwera ili pansalu. Kenako anajambula zina zitatu.

Funso limodzi linkamusowetsa mtendere. Kodi zimene ankapangazi zinali ntchito yeniyeni, kapena chisoni chabe cha mayi wamasiye? Anzake a kumzikiti ankangoti n'zokongola. Iye ankafuna kumva kwa anthu a ntchitoyo. Akanati ndi chisoni chabe, akanasiya.

Anamva za gulu lina la madizaina, ojambula zikuto za mabuku, mapositala, nsalu ndi mipando, lomwe limakumana Lachinayi lachiwiri la mwezi uliwonse m'nyumba ina yosanja ku Arlington. Aliyense amaloledwa kubwera ndi ntchito yake kuti anzake aione.

Pakhomo anapeza mayi wa imvi dzina lake Lorraine, amene ankayendetsa misonkhanoyo. Lorraine anamwetulira, anamupatsa kapepala kolembapo dzina n'kumata pachifuwa, kenako anathamangira kukakonza pulojekita. Rabia analemba dzina lake, anapeza mpando m'mbali mwa khoma, anaika chikwama pamiyendo, n'kudikira.

Ankachita zimene anaphunzitsidwa. Kwathu mlendo sayamba yekha nkhani. Amapatsidwa pokhala, n'kukhala chete mpaka mwini khomo abwere kudzamulonjera: wadzuka bwanji, wayenda bwanji, kumudzi wasiyako bwanji. Zikatha zimenezo m'pamene amafunsidwa chimene wadzera. Woulula katundu wake asanafunsidwe amaoneka wopanda mwambo.

Anthu anadzaza m'chipindamo. Anaima timagulu timagulu, makapu m'manja, akuseka ndi kuonetsana zithunzi pa mafoni. Nthawi ina bambo wina anabwera molunjika kwa iye. Dzanja la Rabia linali kale pa zipi ya chikwama. Bamboyo anafunsa ngati mpando woyandikana naye unali ndi mwini, n'kuunyamula.

Atafika kunyumba anaponya chikwamacho pamwamba pa wadiropu.

Loweruka lotsatira kunabwera a Modesta Mussa, namwino wa ku Mchinji amene wakhala ku Maryland zaka zoposa makumi awiri. Ndiwo anamupezera Rabia ntchito ya okalamba ija, ndipo ankamutenga ngati mwana wawo, ngakhale wina amapemphera Lachisanu wina Lamlungu.

"Ndiye akuti bwanji akatswiri akowo?" anafunsa a Modesta, akuvula nsapato za kuntchito.

"Sananene kanthu, anti."

"Sanazikonde?"

"Sanazione."

"Unaiwala chikwama m'sitima?"

"Ndinali nacho pamiyendo. Palibe anabwera kudzandilonjera."

A Modesta anaseka mpaka anaika pansi kapu ya tiyi kuti asadzitayire. Atayang'ana nkhope ya Rabia, kuseka kunatha. Anasendera pafupi n'kumugwira dzanja.

"Mwana wanga, kuno mlendo amadzilonjera yekha. Ukalowa, dzanja patsogolo, dzina lako, ntchito yako, n'kuwauza kuti umaitha."

"Ndizidzitama ndekha pagulu?"

"Iwowo sati kudzitama. Amati kudziwana."

"Ine basi, anti. Ndizingosambitsa agogo anga. Iwo amandidziwa."

"Basi ya chiyani? Tsitsa chikwamacho. Ineyo ndikhala mzungu wako."

A Modesta anaimirira pakati pa chipinda, kapu m'manja, akugwedeza mutu ngati mbalame ndi kutulutsa mano onse. Rabia anayesa kudzitchula dzina m'Chingerezi.

"Kweza mawu, iwe! Akuthera mumpango. Ukuyankhula ndi apongozi ngati?"

Rabia anaseka koyamba sabata imeneyo. Anayeserera Loweruka limenelo ndi ena otsatira. Komabe mu Epulo sanapite. Mu Meyi inali Ramadani. Pa 13 Juni a Modesta anasinthana shifiti ndi mnzawo, anamutengera pa galimoto ku siteshoni ya sitima za Metro ya Greenbelt, ndipo sanachoke mpaka anamuona akulowa.

Mawu onse amene Rabia analoweza anathawa atangoponda m'chipinda muja. Anayandikira kagulu kena n'kuima kumbuyo kwawo, koma panalibe mpata, ndipo palibe anacheuka. Anabwerera m'mbuyo. Anadziuza kuti wayesa kawiri, kwakwana, nsaluzo akazipanga makatani.

Akulunjika kukhomo, anaona bambo wina wachikulire atakhala pa mpando womwe uja wa kukhoma. Anali ndi kabokosi kathabwa pamiyendo, manja onse awiri ali pamwamba pake, maso ali pansi. Rabia anakazindikira kakhalidwe kameneko.

Sanaganize zambiri. Anapita pamene panali bamboyo, anapinda bondo pang'ono, n'kumulonjera m'Chingerezi koma mwa dongosolo la kwawo. Muli bwanji? Mwayenda bwanji? Kunyumba mwasiyako bwanji?

Bamboyo anamuyang'ana modabwa. Anati dzina lake ndi William, wa ku Upper Marlboro, ndipo anapuma pa ntchito yoyendetsa basi ya ana asukulu. Kenako anayankha funso la zakunyumba lija.

"Mkazi wanga akudwala," anatero. "Ndiye wandikakamiza kubwera kuno. Akuti ndikumutopetsa ndi kumuyang'anitsitsa."

"Pepani kwambiri. Mulungu awakhudze," anatero Rabia. "Nanga mwatitengera chiyani m'bokosimo?"

William anatsegula. Munali zilembo zosema pamanja kuchokera ku mitengo, zopaka inki n'kudinda pa pepala. Rabia anatola chimodzi n'kuchitembenuza. Chinamukumbutsa manja a bambo ake, ndipo anamuuza zimenezo.

"Mwaona zanga," anatero William. "Musandibere. Tsegulani chanucho."

Tebulo panalibe. William anagwira nsonga imodzi ya nsalu ya makiyi ija, Rabia inayo, n'kuitambasula. Nsalu ya mamita awiri sibisika. Amene anali pafupi anacheuka, kenako enanso.

Lorraine anabwera n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa amene anaijambula.

"Ndimangoyesera chabe..." anayamba Rabia.

"Ndi awa," anadula William. "Dzina lili pachifuwapo. Werengani."

Lorraine anati mitundu yake inali yolimba mtima, ndipo misewu yolukanayo anali asanaioneko kwina. Kenako analoza ndi chala pamalo ena. "Koma apa, pamene patani ikubwereza, mzere wolumikizira ukuoneka. Wogula nsalu zambiri adzauona msanga. Zimakonzeka."

Pa zonse zimene zinanenedwa tsiku limenelo, mawu a cholakwikawo ndi amene Rabia anapita nawo kunyumba akumwetulira. Chisoni cha munthu sachipezera cholakwika. Chimene amachikonza ndi ntchito.

Asanabalalike, Lorraine anafunsa kuti awiriwo anadziwana liti. William anati lero lomwe, ndipo anawonjeza kuti wakhala akubwera kangapo koma uyu ndiye woyamba kumufunsa za kunyumba. Lorraine anayang'ana mzere wa mipando ya kukhoma ija. Kenako anapempha Rabia kuti amufotokozere bwinobwino mmene kwawo amalandirira alendo.

Kuyambira pa 12 Seputembala 2019, Rabia ndiye amaima pakhomo la msonkhanowo. Wobwera koyamba amamulonjera, amamufunsa za ulendo ndi za kunyumba, kenako chimene wanyamula, n'kumuperekeza kwa munthu wa ntchito yofanana nayo. Ena amadabwa. Ena amayankha mwachidule n'kudutsa. Koma mipando ya kukhoma ija masiku ano amaikapo majasi.

Njira sinali yosalala. Mu Marichi 2020 mliri wa Covid unatseka chipindacho, misonkhano n'kusamukira pa kompyuta. Kuntchito kwa Rabia antchito anachepa, mashifiti anatalika, ndipo okalamba ena amene ankawasamalira anamwalira. Ankalowa msonkhano pa foni nthawi yopuma, atakhala m'galimoto ya mnzake, n'kulonjera dzina lililonse lachilendo limene laoneka. Mzere wolumikizira uja unamutengera nthawi yoposa chaka kuti authetse. Anzake a m'gulumo ankamuonetsa njira, iye n'kulakwitsa, n'kuyambiranso. Mkazi wa William anamwalira mu 2021, ndipo Rabia anapita kukapepesa atanyamula chakudya, monga timachitira.

Loweruka pa 14 Okutobala 2023, gululo linachita chionetsero cha ntchito za mamembala ake. Nsalu ya makiyi a Sharif inapachikidwa moyang'anana ndi khomo, yopanda mzere uja. Pansi pake panali dzina la Rabia Jaffu, lodindidwa ndi zilembo zamtengo za William.

A Modesta anafika mochedwa, yunifolomu ya kuchipatala ikuonekera kunsi kwa chitenje. Anadutsa aliyense, anakapeza mpando kukhoma, anachotsapo jasi la munthu, n'kukhala pansi chikwama chili pamiyendo.

Rabia anawaona. Anasiya anthu amene ankacheza nawo, anapita n'kugwada pansi, mawondo onse awiri, pamaso pa madizaina onse a mu Arlington.

"Muli bwanji, anti?"

"Ndili bwino, kaya iwe, mwana wanga?"

"Ndili bwino. Mwayenda bwanji?"

"Msewu wa Beltway uja ndi wa satana, koma tafika."

"Kunyumba mwasiyako bwanji?"

"Kuli bwino." A Modesta anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Dzuka, ukudetsa diresi. Kandionetse makiyi a mwana wanga Sharif."

Rabia sanalemere. Mpaka lero amasamalirabe okalamba masiku anayi pa sabata. Kudzitama pagulu sanakuphunzire, ndipo a Modesta anasiya kumuphunzitsa. Koma funso lake lija linayankhidwa, ndipo sanasiye kujambula.

Inu amene mwafika m'dziko la eni, kapena m'chipinda chimene simudziwa malamulo ake, musafulumire kunena kuti akukanani. Mwina sanakuoneni chabe. Bwereraniko. Ngati pakamwa pakulemera kunena za inu nokha, yang'anani kukhoma: pali wina wakhala ndi katundu wake pamiyendo, akudikira ngati inu. Yambani ndi iyeyo. Ulemu umene anakuphunzitsani kwanu musauchite manyazi, ndipo luso lanu musaliponye pamwamba pa wadiropu. Musataye mtima.

Mu Febuluwale chaka chino, mwini sitolo ina ya nsalu mu Washington anabwera ku msonkhano, analonjeredwa pakhomo, ndipo pochoka anatenga zitsanzo zitatu za mapatani a Rabia. Nsalu ya makiyi anaipemphanso, koma Rabia anati imeneyo si yogulitsa. Mwini sitoloyo anati adzaimba foni. Mpaka pano sanaimbe.