Kamphika ka ku Dedza

Fungo la guluu m'khitchini mwanga muno mumzinda wa Oshawa landikumbutsa Mexico.

Ndili wamng'ono, amayi ananditenga kukaona mapiramidi a anthu akale. M'myuziyamu ya pomwepo munali miphika yosweka, yomatamata, ili m'magalasi. Ine ndinkaganiza kuti amaiika poyera pofuna kuchititsa manyazi ana amene anaiswa. Sabata yomweyo ndinali nditaswa kamphika ka amayi kochokera ku Dedza, zidutswa n'kubisa pansi pa bedi.

"Amayi, kanga musadzakaike m'galasi," ndinalira, n'kuulula zonse.

Amayi anaseka mpaka mlonda anatembenuka. "Iwe, zidutswazo ndinaziona kalekale. Taona anthuwa, akwera ndege kudzaona zosweka. Tikamata."

Tinamatadi. Lero mwana wanga waswanso kamphika komweko n'kubisa zidutswa. Ine ndikumata mwakachetechete, kudikira abwere yekha.